Chenjezo kwa otchera makhwekhwe ndi kwa ife ogula nyama yake

Abale anga okhala m'mphepete mwa nkhalango ya Liwonde, m'maboma a Machinga, Balaka ndi Mangochi, wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundilole ndilankhule mosapsatira. Mchitidwe wotchera makhwekhwe a waya ukutichititsa manyazi, ndipo olakwa si anyamata otcherawo okha ayi, komanso ife akuluakulu amene timagula nyama yowamba usiku kuseri kwa nyumba, osafunsa n'komwe kuti yachokera kuti.

Makolo athu ankatchera ndi chingwe cha luzi kapena cha khonje chimene chinkaola mvula ikagwa, ndipo mwini msampha ankalawirira m'mamawa kukauyendera. Lero mnyamata amasolola waya wa mabuleki a njinga, penanso amadula waya wa mpanda umene unamangidwa kuti njovu zisatidyere chimanga, n'kutchera makhwekhwe ambirimbiri tsiku limodzi mpaka kuiwala pamene anaika ena. Waya saola msanga. Umakhala chitchereni miyezi ndi miyezi, ndipo susankha kuti uyu ndi gwape, uyu ndi mkango, uyu ndi mwana wa njovu. Nyama yambiri yokodwa imangowolera pomwepo, osadyedwa ndi munthu aliyense.

Amene anaonapo njovu yoduka chitamba sangaseke nkhani imeneyi. Chitamba ndicho dzanja lake, ndichonso chikho chake, ndiye chikafupika chinyama chachikulucho chimachita kulowa m'madzi a mu Shire kapena kugwada kuti chimwe ndi pakamwa. Ikakodwa mwendo, waya umalowerera m'mnofu pang'onopang'ono mpaka kufika pafupa, bala n'kuchita mphutsi, ndipo njovu yomva ululu chotere ndi imene imalusira mayi wosalakwa amene akupita kumunda.

Kuchokera mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, alonda achotsamo misampha ya waya yoposa 30,000. Taganizirani kuti manja amene anapota waya yenseyo ndi a ana a m'midzi mwathu momwemuno. Mikango inabwezedwa m'nkhalangoyi mu 2018 itatheratu kalekale, ndiye kodi tikufuna ithenso ife tikuona? Dziwaninso kuti lamulo linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopezeka wolakwa pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu ndi chipembere akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Kukauza woweruza kuti mumafuna njiri yokha sikudzadzutsa njovu imene yafera m'khwekhwe lanu.

Inu abusa a mbuzi, otola nkhuni ndi olima m'malire, msampha uli ndi zizindikiro zake. Kawirikawiri umatcheredwa pamkwaso wopita kumadzi, makamaka m'chilimwe zithaphwi zikauma, pamene njira yapanikizika pakati pa mitengo iwiri. Mukaona nthambi zongodulidwa kumene zitandandalikidwa ngati kampanda, pakati n'kusiya mpata, dziwani kuti khwekhwe lili pampatapo. Yang'anani tsinde la mtengo ngati lamangidwa waya kapena lasupuka khungwa mozungulira, ndiponso timitengo tozikidwa pansi togwirizira waya kuti ukhale chiyasamire. Musadalire kuti waya unyezimira, pakuti ena amayamba auwotcha pamoto kuti ude. Nthaka yopalasidwa mozungulira mtengo, fungo la chovunda, ntchentche zambiri ndi miimba yozungulira malo amodzi zimasonyeza kuti china chakodwa kale. Ndipo pamene mwapeza limodzi, ena ali pafupi, chifukwa otchera amawaika mondondozana.

Mukapeza nyama ili moyo m'khwekhwe, musayandikire ndipo musayese kuiwonjola, pakuti ngakhale mbawala yovulala imabaya. Ana auzidwe kuti asamatole waya wotere n'kupita nawo kunyumba, chifukwa wopezeka nawo m'manja ndiye amayamba kufunsidwa. Zindikirani malowo ndi mtengo kapena chulu chimene chili pafupi, mubwerere njira imene munadzera mukuyang'ana pamene mukuponda, ndipo mukadziwitse a mfumu kapena alonda a nkhalango tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.