Kasitomala akachedwa kulipira, yang'anani zimene munagwirizana tsiku loyamba

Anzanga a ntchito ya virtual assistant kuno ku Chipata, inu amene mumayankhira anthu maimelo, kuwasungira kalendala ndi kuwalembera malipoti muli pa laputopu ku Kapata kapena ku Kalongwezi, maganizo anga ndi akuti nkhongole zambiri zimene timalira nazo timazibzala tokha. Timachita manyazi kutchula ndalama pachiyambi, ngati kuti ndi mwano. Koma bandulo ndi mayunitsi a ZESCO timagula kashi, mwezi wonse tikumugwirira munthu ntchito pangongole.

Ntchito ya mwezi ndi mwezi ilipiridwe isanayambe. Mwagwirizana maola 20 pamwezi, ndalama ilowe pa 1, ntchito iyambe pa 2. Kasitomala watsopano wa ntchito yakamodzi apereke theka, lotsalalo popereka ntchito. Wokana dipoziti wakuuzani kale khalidwe lake. Pa Upwork, webusaiti yopezerapo ntchito za pa intaneti, musagwire chilichonse kasitomala asanasungitse kumeneko ndalama ya milestone, gawo la ntchito limene mwagwirizana. Mukapereka ntchito kasitomala n'kukhala chete, ndalamayo imatuluka yokha pakatha masiku 14. Akakunyengererani kuti "tiyeni tizingolankhula pa WhatsApp", chitetezo chimenecho mwachitaya.

Invoisi yeniyeniyo imachedwetsanso ndalama. Lembani nambala yake, TPIN yanu ya ku ZRA, akaunti yolipirirako, ndi tsiku lenileni, monga 5 June. Musalembe "Net 30", kutanthauza kulipira m'masiku 30, chifukwa ena amayamba kuwerenga masikuwo tsiku limene aiona, osati limene munatumiza. Ndipo nenani kwacha yake ndi iti. Lilongwe ndi pafupi, makasitomala a kutsidya kwa Mwami alipo, ndipo "K" yekha akhoza kutanthauza ya Zambia (ZMW) kapena ya Malawi (MWK). Kwacha ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene ankadikira malipiro a MWK anapeza ndalama yawo yafota isanafike n'komwe.

Apa ndi pamene ambiri sazindikira: amene amakutumani ntchito nthawi zambiri si amene amatulutsa ndalama. Ku bungwe kapena ku loji ya ku Mfuwe, manijala amakonda ntchito yanu, koma invoisi yagona mu inbox mwake, a akaunti sanaione. Sabata yoyamba funsani zinthu zitatu: invoisi ipite kwa ndani, ifunika nambala ya purchase order (chikalata chimene iwo amaodera ntchito) kapena ayi, ndipo amalipira tsiku liti pamwezi. Ngati amalipira pa 25 inu n'kutumiza pa 26, mwadzichedwetsa mwezi wathunthu popanda amene wakuberani. Onaninso nyengo. Makampu ambiri a ku South Luangwa amatseka nthawi ya mvula, ogulitsa mbewu ndi fetereza ndalama imawayendera ndi nyengo yolima, choncho musalole nkhongole kuwunjikana nyengo yawo ikutha.

Kukumbutsa kukhale ndi masiku ake, osadikira kuti mtima ukuwaweni. Kutatsala masiku 3 kuti tsiku lolipira lifike tumizani uthenga waufupi. Tsiku likadutsa, mawa lake lembani: "Bwana, invoisi nambala 014 ya K3,500 inayenera kulipidwa dzulo. Ndaiphatikizanso pano. Mundiuzeko tsiku limene itumizidwe." Basi. Zopepesa ayi, za lendi yanu ayi, chifukwa mukayamba kudandaula mavuto a kunyumba, malipiro amasanduka thandizo. Pakatha masiku 7 imbani foni, ndipo zimene mwagwirizana pafoni muzilembe pa imelo tsiku lomwelo. Pakatha masiku 14 imitsani ntchito, mutamuuziratu tsiku lake. Chindapusa cha kuchedwa chimagwira ngati chinalembedwa m'pangano. Chotulukira mkangano uli mkati chimangowonjezera phokoso.

"Ndatumiza kale" si ndalama, ndipo screenshot si ndalama. Yang'anani balansi nokha pa Airtel Money kapena MTN MoMo, chifukwa uthenga wabodza amaupanga mosavuta. Wakunja akati watumiza kudzera ku banki, pemphani kope la SWIFT, umboni wa ku banki yake woti ndalama yatumizidwa, kuti banki yanu iilondole. Imatenga masiku angapo antchito, ndipo mabanki apakati amadulako. Ngati simunagwirizane kuti wotumiza ndiye alipire zodulazo, ndalama ifika yoperewera ndipo mudzangoyang'anana.

Chimodzi chimene sindigwirizana nacho ngakhale mutapsa mtima chotani ndicho kusintha mapasiwedi a kasitomala kapena kumutsekera Facebook ya bizinesi yake mpaka alipire. Akauntiyo ndi yake, ndipo mukatero mlandu umatembenukira kwa inu, ndiponso Chipata ndi yaing'ono, mbiri imafika ku Down Shops dzuwa lisanalowe. Chimene mungasunge ndi ntchito yanu imene simunaipereke: spreadsheet ija ikhale mu Google Drive yanu, muiike mu Drive yake ndalama ikaoneka pa balansi.