Inu amene munkaikidwa pagolo, tayesani kiriketi

Maganizo anga ndi awa, ndipo a Bullets ndi a Manoma musandidye: anthu ambiri amene amati "ine zamasewero ayi" sanayesedwepo pa masewero onse. Anayesedwa pa mpira wamiyendo basi. Kwathu kuno mnyamata akakanika kuthyola anzake ndi chikulunga ali sitandade 3, mlandu wake watha. Mtsikana akakanika fulaye kapena ntchemberembaye, chimodzimodzi.

Ine ndine mmodzi wa anthu amenewo. Posankhana matimu ndinkatsala ndekha, makaputeni n'kumakankhirana kuti "ameneyo mutengeni inuyo". Akandimvera chisoni ankandiika pagolo, pakati pa miyala iwiri, ndipo chigoli chikalowa, tsiku limenelo ndiwo zinali ine. Zoterezi sizichoka msanga. Ndinafika pokhala bambo wa ana, koma mpira ukagubuduzikira kumene ndaima, ana n'kumakuwa "ankolo tatimenyereni", ndinkautola ndi manja kuopa kuphonya.

Kiriketi ndinaiyamba ndili ndi imvi kale, mnzanga wakuntchito kuno ku Blantyre atandikokera chifukwa gulu lawo limaperewera munthu. Ndipo pano ndikuona chifukwa chake masewerowa amamuyanja munthu wamantha.

Mpira wamiyendo supereka mpata woganiza. Ukaphonya, anzako akuthamanga kale uku akukutukwana. Kiriketi imabwera mpira umodziumodzi. Woponya aponya, iwe umenye kapena uphonye, kenako zonse ziima. Upuma, ukonza m'mene waimira, mnzako amene ali mbali inayo abwera n'kukunong'oneza kuti "mdala, mutu usamadzuke, uziyang'ana mpira mpaka ufike pa bat, thabwa lomenyerali". Mipira 6 ikakwana, over yatha, mupumanso. Munthu amene thupi lake limachedwa kumva amaphunzira m'timipata timeneti.

Komanso ntchito zake ndi zosiyanasiyana. Pa anthu 11 pamafunika womenya mwamphamvu, pamafunikanso wouma mutu amene angotchinga wicket, timitengo titatu tozika kumbuyo kwa womenya timene woponya amafuna kugwetsa, kuti mnzake azimenya. Alipo oponya mwaliwiro, alipo oponya pang'onopang'ono koma mpira n'kumakhota ukagunda pansi. Pagulu lathu amene amatulutsa anthu ambiri ndi bambo wina wamimba yake ndithu, wosathamanga n'komwe, amangoyenda masitepe ochepa n'kuupotokola ndi zala. Anyamata amajimu amabwerera akupukusa mitu.

Sindikunena kuti mulibe manyazi. Kutuluka pa mpira woyamba ulibe run (chigoli cha kiriketi) ngakhale imodzi, n'kuyenda ulendo wonse uja kubwerera kumene akhala anzako, n'kowawa. Koma aliyense pagulupo zinamuchitikirapo, ndiye amaseka nawe, sakuseka iwe. Tsiku limene ndinawakha mpira wochokera m'mwamba, manja akunjenjemera, anthu akuluakulu anandithamangira ngati ndabwera ndi malipiro awo.

Ndikudziwa ena mulemba m'munsimu kuti amenewo ndi masewero a amwenye ndi azungu. Tayang'anani kaye timu ya dziko lathu, amuna ndi akazi omwe, muone maina ake. Malawi ndi membala wa ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, kuyambira 2003. Mu November 2019 tinasewera Kwacha Cup ndi Mozambique ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo anyamata athu anapambana masewero 5, alendowo amodzi okha. Mu 2028 kiriketi ikubwerera ku Olympics ku Los Angeles, koyamba chichokereni 1900. Ndiye zoti si zathu, ine ndakana.

Pa nkhani ya ndalama pokhapo ndikuvomera. Bat yabwino, ma pad, magolovesi ndi helimeti si zinthu zogula ndi chenji. Mpira weniweni ndi wachikopa, wolimba, wolemera magalamu pafupifupi 160, ndipo ukakupeza pachala umadziwa kuti wakumana nawo. Mabwalo nawonso ndi ochepa, ambiri ali m'tauni. Koma ku Karachi ku Pakistan anayamba kalekale kukulunga mpira wa tenisi ndi tepi wa magetsi n'kumasewera m'misewu. Ifenso timatero poyeserera: thabwa losema, kreti ya zakumwa m'malo mwa wicket, basi.

Amene ndikulimbana nawo kwenikweni ndi ife makolo pamodzi ndi aphunzitsi. Nthawi yamasewero kusukulu isamakhale yoponyera ana 80 mpira umodzi, odziwa azisewera, enawo akhale pansi pa mtengo kudikira belu. Mpira wa tenisi ndi thabwa sizingagwetse bajeti ya sukulu iliyonse.

Kumenya sindinakuthebe, ma run anga ambiri ndi ongogunda m'mphepete mwa bat. Koma Loweruka likubwerali tikuperewanso munthu mmodzi. Ngati muli ku Blantyre ndipo kale munkatsala posankhana, ndilembereni ku inbox. Nsapato zilizonse zamasewero zikwanira, bat tikubwerekani.