Baji yokha si umboni, lekani kupusitsa anthu

Zimene zikuchitika pa msika wa Lizulu zandikwiyitsa. Munthu watenga felemu wamba ya njinga ya ku India, waithira penti yakuda, wakhomapo baji ya Raleigh, n'kumauza agogo ochokera ku Tsangano kuti njingayo inabwera ndi anthu a Wenela. Kumeneku n'kuba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Baji siuza munthu amene anapanga njinga. Imagwira ndi timisomali tiwiri kapena titatu basi, aliyense angathe kuichotsa n'kuikhoma pena. Njinga imadziwika ndi chitsulo chake.

Yambani ndi foloko. Raleigh yeniyeni ya ku Nottingham, ku Mangalande, ili ndi phewa la foloko lozungulira ngati paipi yopingasa, ndipo mbali zonse ziwiri muli tizitsekero tonyezimira tolowa m'kati. Humber, imene akuluakulu amati Hamba, foloko yake yakale ili ndi timapaipi tiwiri mbali iliyonse. Kenako onani giya yaikulu ya pa mapedulo. Ya Raleigh ili ndi mitu ya kakowa, mbalame yomwe ilinso pa baji. Ya Humber ili ndi tianthu togwirana manja mozungulira. Ya Rudge ili ndi chikhatho. Komatu giya imachoka mukangogogoda kotapini, choncho musaikhulupirire payokha.

Chimene wakuba sangasinthe ndi mazinga. Raleigh ya ku Nottingham inkadula mazinga 26 pa inchi pa chiwongolero ndi pa ekiselo ya mapedulo, pomwe opanga ena ambiri ankadula 24. Makaniko wodziwa ntchito akayesa ndi dzanja kapu wamba ya mazinga 24 (kachitsulo kogwira ekiselo ya mapedulo) pa Raleigh yeniyeni, imangolowa pang'ono n'kukana. Pamenepo ndiye pali yankho, osati pa baji.

Za zaka ndiye bodza limachuluka. Ngati njinga ili ndi habu ya magiya atatu ya Sturmey-Archer, pukutani mafuta ndi kansalu ka palafini. Pachitsulopo anadindapo chaka ndi mwezi: 62 7 ndiye kuti Julaye 1962. Dziwani kuti tsikulo ndi la habu, ndipo wilo ikhoza kukhala yochokera ku njinga ina. Onaninso nambala ya felemu, pansi pa chishalo pomwe mapaipi akumana kapena kunsi kwa ekiselo ya mapedulo. Pa ma Raleigh a kuyambira cha mu 1974, nambala imayamba ndi zilembo ziwiri. N woyamba ndi Nottingham, ndipo nambala yoyamba pambuyo pa zilembozo ndi yomaliza ya chaka.

Ngakhale dzina lenilenilo silitsimikiza wopanga kapena dziko. Raleigh inagula Humber mu 1932, Rudge mu 1943, BSA mu 1957. Hercules ndi Phillips zinkapangidwanso ku Madras, ku India. Ndiye wina angoona dzina n'kulumbira kuti ndi ya ku Mangalande? Ayi ndithu. Hero, Avon, Atlas ndi Phoenix si njinga zonyozeka, zasenza matumba a mbatatesi m'mapiri a Dedza zaka zambiri. Ogulitsa inu, zigulitseni ndi mayina ake. Inde ndalama ikuvuta, koma si chifukwa chobera nkhalamba.

Ogula nanunso musamachite manyazi. Itembenuzeni njingayo, mawilo aloze kumwamba. Penti ikakhala yochindikala pamalo pa nambala pokha, kapena pakaoneka kuti panadutsa galayinda, isiyeni, mwina ndi yobedwanso. Timisomali ta pa baji tikamawala pomwe felemu yonse ili ndi dzimbiri, baji imeneyo yakhomedwa dzulo.

Ndipo inu amakaniko ena mukutha njinga zabwino. Mwapeza Raleigh yeniyeni, kapu ya 24 ikukana, inu n'kuikakamiza ndi sipanala yaitali mpaka mazinga onse kuphwasuka. Ikayamba kugwedera mukuthamangira kwa wowotcherera kuti aimatire pomwepo. Tsiku limene ekiselo idzathe, mwini wake adzaichotsa bwanji?