Musanagule nyumba kunja kwa mzinda, werengerani msewu

Maganizo anga pa madera apamwamba a kunja kwa mizinda ikuluikulu, kuja kuli mabwalo aakulu, mitengo ndi bata, ndi akuti ogula ambiri amawerengera mtengo wa nyumba koma msewu amauiwala. Chonsecho msewuwo ndi umene udzawalipiritse tsiku ndi tsiku mpaka adzasamuke.

Tiyerekeze kuti kuntchito kuli pa mtunda wa makilomita 40, ndipo mumayenda mphindi 50 popita, 50 pobwerera. Pachaka mumagwira ntchito masiku pafupifupi 230. Ndiye kuti maola 383 atha muli pa chiwongolero, ofanana ndi masiku 48 a ntchito ya maola 8. Galimoto yayenda makilomita 18,400, ndipo ngati imamwa malita 8 pa makilomita 100, mwathira malita pafupifupi 1,470. Apo simunaikepo matayala, sevisi ndi inshuwalansi. Chopweteka kwambiri ndi kutsika mtengo kwa galimotoyo, chifukwa sikutuluka m'thumba mwezi ndi mwezi, mumangodzakuona tsiku logulitsa. Komanso kudera kotere galimoto imodzi sikwanira banja. Sukulu, sitolo, chipatala, zonse zimafuna makiyi, ndiye yachiwiri imabwera mosapemphedwa.

Mtengo wa nyumba zimenezi umatsatira mphindi, osati makilomita. Mu 1994 katswiri wa sayansi wa ku Italy, Cesare Marchetti, analemba kuti kuyambira kalekale munthu amathera pafupifupi ola limodzi patsiku pa maulendo. Mayendedwe akakhala achangu, anthu sachepetsa olalo, amangosamukira patali. N'chifukwa chake madera olemera ambiri anamera m'mbali mwa njanji: tauni ya Greenwich ku Connecticut, ku United States, ili pa njanji ya Metro-North yopita ku siteshoni ya Grand Central ku New York, ndipo matauni a Woking ndi Guildford ku Surrey, ku England, ali ndi sitima zofika ku siteshoni ya Waterloo ku London ola lisanakwane. Nyumba ziwiri zofanana, ina mumayenda wapansi mphindi 10 kukafika pa siteshoni, ina muyenera kuyendetsa kaye n'kusaka poimika galimoto, sizingakhale pa mtengo umodzi. Yoyambayo imagwiranso mtengo wake msika ukagwa.

Ogulitsa amakonda kunena kuti "msewu aukulitsa posachedwa". Mawu amenewa musawalipire ndalama. Mu 2011 Gilles Duranton ndi Matthew Turner anapeza kuti m'mizinda ya ku United States, misewu ikawonjezeka, kuyenda kwa magalimoto kumawonjezekanso mofanana. Msewu wa Katy Freeway ku Houston anamaliza kuukulitsa mu 2008, unakhala umodzi mwa misewu yotakata kwambiri padziko lonse, koma patangopita zaka zochepa nthawi yoyenda m'mawa ndi madzulo inayambanso kukwera. Msewu watsopano umaitana nyumba zatsopano, nyumbazo zimabwera ndi magalimoto awo.

Pali nkhani ya chiwongoladzanja. Pa 100,000 iliyonse ya ngongole ya zaka 30, mumabweza pafupifupi 422 pamwezi chiwongoladzanja chikakhala 3 peresenti, koma 665 chikakhala 7 peresenti. Ku United States zinachitikadi: mu 2021 chinali cha m'ma 3 peresenti, pofika kumapeto kwa 2022 chinafika pa 7. Nyumba yaikulu yodula ili ndi ogula ochepa kale, ndiye ngongole ikadula imatha miyezi ili pamsika, pamene kanyumba kapafupi ndi mzinda kamapeza wogula kapena wochita lendi msanga. Onjezanipo kukonza. Odziwa za nyumba amati muziika padera 1 peresenti ya mtengo wake chaka chilichonse, ndipo denga lalikulu, dimba, mpanda ndi dziwe losambira zimadya kuposa pamenepo.

Tsono musanasaine, yesani ulendowo. Osati Lamlungu masana pamene ogulitsa amakonda kuonetsa nyumba, koma Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, sukulu zili zotsegula, pa ola lenileni limene mudzanyamuke. Yezani kuchokera pakhomo mpaka pa desiki, kuphatikizapo kuimika galimoto ndi kusiya ana. Chitani katatu, kamodzi kukugwa mvula, ndipo mutenge nthawi yoipitsitsayo, chifukwa bwana ndi sukulu ya mkaka amaona tsiku limene mwachedwa. Werengani njira zotulukira m'deralo: ngati onse amadalira mlatho umodzi kapena mphambano imodzi, ngozi imodzi imatseka dera lonse. Funsani nthawi ya sitima kapena basi yomaliza usiku. Pitani ku ofesi yoona za mapulani mukaone zimene zavomerezedwa pa malo opanda kanthu ali kuseri kwa nyumbayo, pakuti mitengo imene mukuisirirayo mwina ndi ya munthu amene wagulitsa kale. Funsaninso ngati nyumbayo ili pa mapaipi a suweji kapena ili ndi thanki yakeyake yofunika kupopa.

Sindikunena kuti kukhala kunja n'kulakwa. Malo oseweramo ana, mpweya wabwino ndi tulo topanda phokoso n'zenizeni. Kwa munthu wopita ku ofesi masiku awiri kapena atatu pamlungu, kapena wokwera sitima amene amatha kuwerenga ndi kugona m'njira, masamu amatha kugwirizana. Koma Alois Stutzer ndi Bruno Frey, mu kafukufuku wawo wa 2008 wa anthu a ku Germany, anapeza kuti oyenda nthawi yaitali kupita kuntchito ankanena kuti sakukhutira kwenikweni ndi moyo wawo, kusonyeza kuti nyumba yabwino ndi malipiro sizinabweze zimene msewu unawalanda. Amene zimawavuta kwambiri ndi makolo awiri ogwira ntchito mbali zosiyana za mzinda, ali ndi ana aang'ono. Ndipo amene anagula kutali mu 2020 ndi 2021 podalira kugwirira ntchito kunyumba, ngati chilolezocho sichinalembedwe mu kontrakiti, imelo imodzi yowaitanira ku ofesi masiku asanu imawabwezera maola 383 aja.