Manyazi a deti yoyamba: ife, a ku Lusaka ndi abale athu a ku Joni

Mchinji ndi Chipata mpafupi, ungodutsa pa Mwami wafika, ndipo mu Ogasiti Achewa a mbali zonse amakakumana ku Mkaika pa Kulamba kwa Gawa Undi. Koma pa nkhani ya chibwenzi chongoyamba kumene, makamaka ukalowa mu Lusaka, ayi ndithu timasiyana.

Kuno kwathu ku Malawi manyazi timawabisa pokhala chete. Mnyamata wafunsira, mtsikana akuti "ndiganize kaye", kale ankajambula pansi ndi chala chakuphazi uku akubudula masamba a mtengo wosalakwa, pano amangowerenga meseji pa WhatsApp osayankha mpaka mawa. Tsiku lokumana lafika, mwakhala pa Gateway kapena pa Chichiri, menyu yabwera, mfana maso ali pa mitengo ya zakudya akuwerengetsa chamumtima ngati ya minibasi itsale, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 masamu amenewa anafika povuta. Ndiye umva "ine ndadya kale, ndingomwa Fanta", pomwe m'mimba mukulira mpaka a tebulo linalo kumva. Mtsikana wadziwa koma sanena, nayenso akulimbana ndi nkhuku ndi foloko ngati kwawo saswa mafupa, kuopa kuoneka wakumudzi. Onse awiri abwerera kwawo ndi njala, kenako usiku "munafika bwino?" basi.

A ku Lusaka omwe ndacheza nawo mantha ndi omwewo, thumba ndi Chizungu, kungoti iwo amawasandutsa nthabwala. Munthu anena poyera kuti "lelo nilibe ndalama, tiyende chabe ku Manda Hill tikaone vinthu" (ku mashopu akuluakulu a mu Lusaka), mtsikana amuseka, amunyoza pang'ono, nkhani yatha macheza apitirira. Chizungu chikathyoka amangosakaniza ndi Chinyanja ndi Chibemba osaphethira, pomwe ife verebu imodzi ikaphonyeka timaiganizira sabata yonse. Apa ine ndimawapatsa ulemu, zoona. Vuto lake nloti ngati ndiwe wofatsa akumeza wamoyo, ukamafuna kuyamba kuyankhula anzako afika kale pa nkhani yachitatu. "Ndiganize kaye" wathu uja ngotopetsa inde, koma amapatsa munthu wamanyazi mpata wopuma ndi kufufuza kuti mnyamatayu ngwakwa yani.

Ku Joni ndiye nkhani ina. Mmalawi kumeneko sachita manyazi ndi nsapato kapena foni yosweka sikirini, chomwe amaopa ndi funso loti kwanu nkuti. Ena amayamba aphunzira Chizulu chopatsira moni kuti asatchedwe kwerekwere, dzina lonyozera obwera, tsiku loyamba lomwelo, ena amabisa zoti amagona anthu angapo m'chipinda chimodzi, ena zoti kumudzi kuli mayi ndi ana omwe akudikira ndalama ya pa Mukuru mwezi ukatha, ichi ndiye si manyazi ayi, ndi bodza chabe. Kuwonjezera apo mawu oti lobola amatha kutuluka msanga, ndiye mwana wa ku Dedza kapena ku Mulanje, wozolowera za ankhoswe ndi chikamwini, thukuta kamukamu chakudya chisanafike nkomwe. Wa ku Mzimba kapena ku Karonga samadabwa kwenikweni poti za malowolo ndi ng'ombe anakula akuzimva kwawo, iye amangofunsa kuti zingati.