Kodi tonse tadwala tsiku limodzi?

Ndatopa nazo ine! Chibwerereni adokotala achinyamata aja pachipatala chathu chapatauni pano, aliyense wayamba kudwala. Atsikana amene kale ankangogula panado pagolosale, lero akulawirira m'mamawa atadzola zonunkhira, milomo ili psuu, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Ati mutu ukuwawa. Mutu wanji wofuna wigi yatsopano?

Sabata yatha ndinapita ndi mwana wanga thupi likutentha ngati mbaula. Ndinakhala pabenchi kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa pamutu, kutsogolo kwanga kuli mayi wina atafumbata kontena ya nkhuku yokazinga. Odwala ayamba kubwera ndi ndiwo masiku ano?

Ndiye miseche yake! Adokotala akamwetulira namwino, basi ndi chibwenzi. Akaima pamsewu ndi aphunzitsi aakazi, pofika kuchigayo nkhani yakhala yoti chinkhoswe chili mwezi wamawa. Mchemwali wawo weniweni atabwera kudzacheza, amayi ena pamsika anamulalatira kuti ndi wolanda amuna a eni. Amuna a ndani? Munthuyo sanakwatire n'komwe!

Chandipsetsa mtima n'chakuti ndinabwererako kuchipatala kawiri, mwana atasanza LA woyamba, mankhwala a malungo aja. Mawa lake apongozi anga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, mawu ali pansipansi: "Apongozi, tikumva zambiri." Zambiri ziti? Malungo?

Mwana wachira tsopano. Adokotalawo ndinawaona dzulo madzulo akudya tchipisi pachiwaya okhaokha, maso ali pafoni, osadziwa kuti tauni yonse yawapezera kale akazi anayi.