Ndalama zokha siziponya voti

Abale anga, nkhani iyi yakhala ikundizungulira m'mutu chiyambire kutsatira ndale za kuno ku Georgia, ku America. Kuno chigawo chilichonse chimasankha bwanamkubwa wake, ndipo kampeni yake imadya ndalama zoti ukazimva umagwira pakamwa.

Mu 2018 mayi Stacey Abrams a chipani cha Democratic anapikisana ndi bambo Brian Kemp a Republican. Mayi Abrams anagwa, koma ndi mavoti pafupifupi 55,000 okha, pa anthu oyandikira 4 miliyoni omwe anavota. Kumbukirani kuti chipani chawo chinapambana komaliza mpandowu mu 1998. Ndiye chinawafikitsa pafupi chonchi n'chiyani? Ine ndimati ndi miyendo ya anthu. Zaka zingapo chisankho chisanafike, bungwe lomwe iwo anayambitsa la New Georgia Project linali kale m'makwalala. Achinyamata ankagogoda khomo ndi khomo kulembetsa anthu m'kaundula wa mavoti, makamaka anthu akuda ndi ena omwe andale anawaiwala kalekale. Ntchito yotopetsa, yapadzuwa, yoti sionekera pa TV. Zipatso zake zinadzaoneka mu 2020 pomwe Joe Biden wa Democratic anatenga Georgia pa chisankho cha pulezidenti ndi mavoti 11,779, kenako Raphael Warnock ndi Jon Ossoff a chipani chomwecho n'kulowa ku nyumba ya malamulo ya Senate mu Januwale 2021.

Tsono taonani za 2022. Mayi Abrams anaimanso, dzina litamveka dziko lonse, ndipo kampeni yawo inatolera ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Zambiri zinachokera kunja kwa Georgia. Munthu ali ku California kapena ku New York amangodina pafoni, ndalama yapita. Zotsatira zake anagonja ndi mavoti pafupifupi 300,000, kuposa kasanu kusiyana kwa poyamba kuja.

Sindikunena kuti ndalama ndi zomwe zinawagwetsa. Bambo Kemp anali kale pampando, mitengo ya zinthu inali itakwera ndipo anthu ankaloza chala chipani cha mayi Abrams, chomwe chinkalamula ku Washington. Komabe chaka chomwecho, m'chigawo chomwecho, Warnock anapambana. Ndiye kuti alipo anthu omwe akanatha kukopedwa, koma madola onse aja sanawafike pamtima.

Kusonkha pang'onopang'ono ndimakukonda, ndipo ndimasonkha. Madola 10 a namwino kapena woyendetsa thiraki amapepukitsa mphamvu za mabwana olemera pa wandale. Chomwe chimandipweteka n'choti tayamba kutcha chilichonse chobwera pa intaneti kuti ndi mphamvu ya anthu wamba. Kwathu pamaliro anthu amasonkha ufa ndi nkhuni, koma osonkhawo amabweranso kudzagona pasiwa, ena n'kulawirira kumanda ndi makasu. Wopereka ndi yemweyonso wogwira ntchito. Munthu wa ku Los Angeles angapereke ndi mtima wonse, koma sangavote ku Macon kuno ku Georgia, sangatenge agogo a nyumba yoyandikana nayo pagalimoto kupita nawo kumalo ovotera ku Albany. Ndalama yake nthawi zambiri imathera ku malonda a pa TV, omwe pofika Okutobala anthu amakhala atatopa nawo.

Kwa Amalawi anzanga omwe muli kuno, chenjezo laling'ono: malamulo amalola nzika ndi omwe ali ndi green card okha kupereka ndalama ku kampeni. Muli pa viza, musayerekeze.

Georgia ili ndi maboma ang'onoang'ono 159, ndipo ambiri ndi akumidzi, kutali ndi Atlanta. Aliyense wondipempha ndalama ya ubwanamkubwa ndizimufunsa kaye kuti ali ndi anthu ake m'maboma angati mwa amenewa, ndiponso kuti Loweruka likubwerali akukagogoda makomo a dera liti. Akandiyankha bwino, madola anga 25 ndipereka, ndipo Loweruka lakelo andipeza nditafika kale ndi botolo langa la madzi.